Mlatho wa pa Mlombwa

Tamanda, mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano, amayi ako ali kuseri akukazinga mtedza wa paulendo wako. Ndaona kuti ndikati ndilankhule nawe pakamwa ndingoyambanso kutsokomola ngati dzulo lija, n'chifukwa chake ndatenga pensulo. Kalatayi sindiitumiza pa positi. Ndiilowetsa pansi pa zovala m'sutikesi yako, ukaiwerenge ku Blantyre ukakhazikika, ndipo ukamaliza usaisiye poyera. Usaseke kalembedwe kanga, dzanja langali linazolowera manambala.

Anthu kutchalitchi akhala akundifunsa kuti mwana wamkazi wophunzira zoyeza malo ndi kumanga milatho adzapindula chiyani. Ine ndimangoseka, chifukwa sindidziwa poyambira powafotokozera. Iwe ukudziwa kuti sukulu ndinalekera panjira, ndipo ntchitoyi ndinailowera kumiyendo, ponyamula katundu wa ena. Iwe ukuilowera kumutu, ku koleji. Zambiri zimene akakuphunzitse ine sindingazimve. Koma zochepa zimene ndikudziwa ndinaziphunzira polakwa, ndiye ndikulembera zolakwazo kuti usadzavutike kuzibwereza.

Ndinali nditangokwatira amayi ako pamene a Gondwe, saveya wa boma wochokera kumpoto, anabwera kudzayeza msewu wa pakati pa Mitundu ndi Nathenje, nandilemba ntchito. Tsiku loyamba anaimika chida choyezera chotchedwa levulo pa miyendo yake itatu, napotokola timagudumu take mpaka kathovu kampweya kataima pakati penipeni. Kenako anandiuza kuti nditsinzine diso limodzi, ndiyang'ane. Tamanda, munthu amene anaima kutsidya kwa dambo, amene ndi maso ndinkamuona ngati chitsa, anangofika pamphuno panga, mutu pansi miyendo m'mwamba, mpaka ndinaona ntchentche itatera pa kolala yake. Ndinabwerera m'mbuyo n'kupondaponda pansi kuti ndimve ngati dziko likadali m'malo mwake. A Gondwe sanandiseke. Anati iwonso tsiku lawo loyamba anachita chimodzimodzi. Mpaka lero, ndikaika diso pagalasi limenelo, mtima umayamba wadumpha kaye.

Ntchito yanga inali yogwira sitafu, ndodo yaitali ija yolembedwa manambala. Lamulo linali limodzi. Ukaiimika pachikhomo usasunthe mpaka akuuze, chifukwa saveya amawerenga ali mbali ino, n'kunyamula levulo kupita kutsogolo, n'kutembenuka kuwerenganso pamalo omwewo. Tsiku lina ndinaima pamzere wa linthumbu osadziwa. Pamene a Gondwe ankanyamula levulo atandifulatira, ndinathawira patchire n'kukadzikuntha. Pobwerera ndinapeza chikhomo chitafiira ndi linthumbu, ndiye ndinaimika sitafu pakamwala kapambali. Kusiyana kwake kunali ngati zala ziwiri. Mumtima ndinati ndani angazindikire zala ziwiri pamsewu wautali chonchi. Patapita masiku atatu tinabwerera pamene tinayambira, chifukwa oyeza amatsekera pomwe anatsegulira. A Gondwe anakhala pamthunzi n'kuwonkhetsa buku lawo, ndipo manambala anakana kukumana. Anasiyana ndi zala ziwiri zomwe zija. Ndinagwidwa ndi mantha amtundu wina, poona kuti kanthu kamene ndinachita ndekha patchire, popanda wondiona, kanayenda nafe masiku atatu m'buku n'kutulukira pamapeto. Tinayambiranso ntchito yonse. Ndinaulula tsiku lachiwiri, anzanga atatopa kale ndi dzuwa. A Gondwe anangoti ndikanafuula nthawi yomweyo tikanataya nthawi yongomwera kapu imodzi ya tiyi. Ndiye mwana wanga, ukasuntha, nena kuti wasuntha. Nena pomwepo, manyazi akadali aang'ono.

Pamene tinkayambira kuyeza paja panali pathanthwe, chakumunsi kwa phiri la Bunda. Pathanthwepo panakhomedwa kamsomali ka mkuwa, mutu wake ngati batani la jekete. Ndinawafunsa a Gondwe kuti nambala ya kamsomaliko ikutanthauza chiyani. Anandiuza kuti ndi kutalika kwa malowo kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Ndinafunsa kuti nyanja yamchere yafika bwanji ku Mitundu. Anati anthu ngati ife anayamba kuyeza m'mphepete mwa nyanjayo, kutali kuseri kwa malire, n'kumapatsirana nambalayo, sitafu ndi sitafu, phiri ndi phiri, mpaka inafika pathanthwe lathuli. Anthuwo sitiwadziwa, ena anamwalira kale, koma ife tinkadalira kuti aliyense wa iwo sanasunthe. Ine nyanja yamchere sindinaionepo, Tamanda, koma tsiku limenelo ndinaika chala pakamsomaliko ndipo ndinamva ngati ndaikhudza.

Tsoka lake, kudziwa zimenezi kunandikweza mapewa. Ndinayamba kuyenda m'midzi ngati ndine ndinalenga msewu. Titafika chakufupi ndi Nathenje, ndinalowa m'munda mwa bambo wina wachikulire, a Lufeyo, n'kukhoma zikhomo zofiira popanda ngakhale odi. M'mawa mwake ndinapeza zonse zitazulidwa. Bamboyo ankaopa kuti munda wawo ukulandidwa kuti ukhale esiteti, ndipo palibe amene anawauza zosiyana ndi zimenezo. M'malo mofotokoza, ndinawauza pamaso pa ana awo kuti ndikawaneneza ku boma kuti akudana ndi chitukuko. Iwe wakula, ukudziwa kulemera kwa mawu amenewo masiku ano. Ine ndinangowalankhula kuti ndiwaopseze, koma a Lufeyo anachoka tsiku lomwelo kukabisala kwa achibale awo kufupi ndi Dzalanyama. Anakhalako pafupifupi mwezi, ndipo nazale yawo ya fodya inauma. A Gondwe atamva, anatumiza uthenga kuti bamboyo abwere, palibe mlandu. Atabwera, a Gondwe anavula chipewa, nakhala pansi pafumbi, n'kujambula ndi kamtengo kusonyeza kuti msewu ungodutsa m'mphepete mwa mundawo. Ine anandikhazika pambali pawo kuti ndipepese, ndipo ndinapepesa. Ukudziwa zimene a Lufeyo anachita? Anatitengera kukamtsinje, natisonyeza pamtengo wa mkuyu pamene madzi anafika chaka china iwo ali mnyamata. Panali pamwamba kuposa mutu wanga. Mapepala athu sankadziwa zimenezo, ndipo a Gondwe anakulitsa kalavati ya pamenepo, njira ya madzi yodutsa kunsi kwa msewu, chifukwa cha mawu a bambo amene ine ndinawathamangitsa. Ukafika pamalo, yamba wapereka moni. Fotokoza chimene chikhomo chako chikutanthauza. Funsa akuluakulu kuti madzi amafika pati. Ndipo usadzabwereke mawu a boma kuti uopseze munthu, ngakhale atakukwiyitsa bwanji.

Patapita zaka, ku ofesi kunabwera chida chatsopano, kabokosi kokhala ndi batire. Anatiuza kuti kamaponya kuwala kosaoneka ndi maso kukagunda kagalasi kamene munthu waimika kutali, kuwalako n'kubwerera, bokosilo n'kunena mtunda. Ine nthawi imeneyo ndinali katswiri wa tcheni yoyezera mtunda, ndipo ndinanena poyera kuti chimenecho n'chidole. Ndinapempha kuti tipikisane pa dambo lalikulu lija la kuseri kwa msika wa Mitundu. Ife a tcheni tinayamba mame asanaume, tikumira m'matope mpaka m'mawondo, ndipo tinamaliza dzuwa litapendeka. Kenako a Gondwe anadina batani. Ndisanamalize n'komwe kupukuta manja, manambala ofiira anayaka pabokosipo. Tinasiyana pang'ono chabe, osafika chikhatho, ndipo anandisonyeza kuti kusiyanako kunachokera kwa ife, chifukwa tcheni imatamuka ikatentha komanso imalendewera pakati. Ndinaima n'kumayang'ana dambolo. Panalibe chimene chinagwedezeka, udzu unali chiimire, koma kuwala kunapita n'kubwera pamaso panga ine osaona kanthu. Ndinakumbukira kuti Mulungu analenga kuwala asanalenge china chilichonse, ndipo ndinadzimva wamng'ono kwambiri.

Cholakwa changa chinali chimene ndinachita pambuyo pake. Pamene anzanga ankaphunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito ka bokosilo, ine ndinkapeza chifukwa chokasongolera zikhomo. Ndinkaopa kufunsa funso lopusa pamaso pa anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha kugwira tcheni. Mpaka lero bokosilo ndimalinyamula ngati khanda, koma kulilankhulitsa sinditha. Ndamva kuti kumene ukupitako kuli zoposa pamenepa, timawaya timene amakwirira m'kati mwa konkire kuti tizinena chipilala chikayamba kulemedwa, monga namwino amamvera mtima wa mwana ali m'mimba. Ukazione zimenezo m'malo mwanga. M'kalasi mwako amuna adzachuluka, ndipo ukakweza dzanja onse adzatembenuka. Kweza basi. Funsa mpaka umve. Ukabwera patchuthi udzandifotokozere pang'onopang'ono, ndidzamvetsera.

Amayi ako angobwera kumene kudzasuzumira, ndipo akuti ndilembe kuti masiketi awiri aatali aja anawasoka motakasuka dala, kuti uzitha kukwera nawo m'mapiri popanda wokuloza chala. Akuti khadi lako la chipani lizikhala m'kachikwama nthawi zonse, usadzavutike pokwera basi kapena polowa mumsika. Akutinso Lamulungu usamagone. Ndalemba, ndipo abwerera kumtedza wawo.

Tsopano ndifike pankhani imene ndakhala ndikuizungulira. Ukukumbukira chaka chija uli Sitandade 3, pamene mlatho wakale wa pa Mlombwa unatsekedwa, inu n'kumazungulira kumtunda popita kusukulu? Unkadandaula kuti miyendo ikupweteka. Za mlathowo ukudziwa, koma za bambo ako sukudziwa.

Mlathowo unali ndi mng'alu pachipilala chapakati. A Gondwe anakhoma timisomali ta mkuwa pamwamba pa chipilala chilichonse, ndipo pamng'alupo anamatapo kagalasi kopyapyala ndi simenti, mbali ino ndi mbali inayo, kuti mng'aluwo ukangokula ngakhale pang'ono kagalasiko kasweke. Pa nthawiyo iwo anali ataitanidwa kukathandiza kuyeza misewu ya mzinda watsopano ku Lilongwe, ndiye ntchito yoyeza timisomalito mwezi ndi mwezi anaisiya m'manja mwanga. Aka kanali koyamba kundikhulupirira ndi levulo ndekha. Miyezi ingapo manambala sanasinthe. Mvula itayamba, ndinayeza, ndipo kamsomali kapakati kanali katatsika. Sikanatsike kwambiri, mwina ngati kukhuthala kwa timitengo tiwiri ta machesi. Ndinasuntha levulo n'kuyezanso, ndipo nambala inabwera yomweyo. Mlatho wonse uja, umene ngolo ndi malole zinkadutsapo, wooneka wolimba ngati phiri, unkatsika mwakachetechete, ndipo m'dera lonse munthu amene ankadziwa ndinali ine ndekha.

Masiku amenewo kunkakonzedwa msonkhano waukulu wa chipani, ndipo malole ankayenera kudzatenga amayi a m'midzi yonse ya kuno kupita nawo kukavina. Njira yake inali ya pamlatho womwewo. Ndinaganiza za munthu amene angatseke msewu nthawi ngati imeneyo, zimene anthu anganene za iye, ndi kumene angakathere. Ndinaganiza za iwe ndi amayi ako. Ndinadziuza kuti mwina levulo yasokonekera ndi chinyezi. Kenako ndinafufuta nambala imene ndinaona, n'kulemba ya mwezi wapitawo.

Ndinakhala ndi bodza limenelo masabata awiri. Chakudya sichinkatsika. Amayi ako ankaganiza kuti ndi malungo. M'mawa wina ndikupita kuntchito panjinga ndinakupezani pamlathopo, iwe ndi anzako, mutatsamira pakhoma n'kumaponya zitsotso m'madzi kuti muone cha ndani chituluke msanga mbali inayo. Kumbuyo kwanu kunkabwera ngolo yodzaza matumba a feteleza. Ndinaima mpaka ngoloyo itawoloka. Nditakuthamangitsirani kusukulu, ndinatsikira kunsi kwa mlatho, madzi ali m'chiuno. Kagalasi kaja kanali katasweka pakati, zidutswa ziwiri zitasiyana moti chikhadabo chinkalowa.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Nathenje buluku likudontha, n'kukwera basi yopita ku Lilongwe. A Gondwe ndinawapeza pakati pa fumbi ndi mathirakitala. Ndinawapatsa buku, n'kuwasonyeza pamene ndinafufuta, n'kunena zonse. Anawerenga tsambalo. Kenako anati: "Ine mukanatha kundinamiza, a Phiri. Koma mlatho suwerenga buku lanu." Anapempha galimoto, ndipo tinafika pa Mlombwa dzuwa likadalipo. Atayeza okha anapeza kuti chipilalacho chatsikanso kuposa pamene ndinayeza ine. Madzi anali akukumba mchenga kunsi kwake. Tsiku lomwelo tinatseka msewu ndi migolo ndi mitengo.

M'mawa mwake kunabwera wapampando wa chipani m'deralo, amene ankakonza za msonkhano uja, nkhope itachita mdima. Anafunsa kuti ndani walamula zimenezi. A Gondwe anati alamula ndi iwo, ndipo anapempha mwaulemu kuti bamboyo avule nsapato atsike nawo kunsi. Anatsika. A Gondwe anamusonyeza kagalasiko, namuuza kuti alowetse chala mumng'alu. Lole ina inali itaima kutsidya injini ikulira, ndipo ngakhale inali isanakwere pamlatho, bamboyo anati akumva konkire ikunjenjemera pachala pake. Atavala nsapato anangofunsa kuti njira ina ndi iti, chifukwa m'malolemo mudzakhalanso akazi ake ndi alongo ake. Malole anazungulira. Chimene ndinkachiopa mpaka kufika ponama sichinachitike n'komwe.

Patapita masabata atatu kunagwa mvula ya masiku awiri osakata. M'mawa wa tsiku lachitatu, nthawi yomwe ana amapita kusukulu, anthu amene anaima pamigolo paja anaona chipilala chapakati chikupendekeka pang'onopang'ono ngati ng'ombe ikamagwada, ndipo msewu unapindika n'kulowa m'madzi. Ine ndinalipo. Sipanamveke phokoso lalikulu monga ndinkayembekezera. Pamlathopo panalibe munthu, panalibe ngakhale mbuzi. Amayi ena anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndinakhala pansi m'matope. Ndinkangoganiza kuti kamsomali kakang'ono ndi kagalasi kosakwana chikhatho zinaona tsiku limeneli likadali kutali, zinanena, ndipo amene anafuna kuzitseka pakamwa ndinali ine.

A Gondwe sanandichotse ntchito, koma anandibwezera ku sitafu chaka chathunthu, ndipo ndinaona kuti n'zondiyenera. Anandilandanso labala yofufutira. Anati m'buku la saveya nambala yolakwika amaidula ndi mzere umodzi kuti izionekabe, n'kulemba yolondola pambali. Amayi ako ndinawauza tsiku lomwe mlatho unagwa. Iwe ndikukuuza lero, chifukwa ukupita kukaphunzira kuika dzina lako pansi pa manambala amene anthu adzayendapo, kugonamo ndi kupemphereramo. Tsiku lina chida chidzakuuza chinthu chimene bwana wako sakufuna kumva, mwina chimene iwenso sukufuna kumva. Yezanso kachiwiri, ngakhale kachitatu. Nambala ikabwera yomweyo, lemba chimene waona. Mantha adzakhalapo, sindikunamiza. Lemba chimene waona, n'kupita nacho kwa woyenera tsiku lomwelo.

Mawa amalume ako akakutula pa ngolo ku Nathenje kuti ukakwere basi, ndipo mudzadutsa pamlatho watsopano wa pa Mlombwa. Mukafika pakati, yang'ana pakhoma la kumanzere, uona kamsomali ka mkuwa. Ndinakakhoma ndine. Lachiwiri lapitali ndinabwereka levulo ku ofesi, ngakhale panalibe amene anandituma, ndipo ndinakayeza timisomali tonse, kalikonse kawiri. Mlathowo sunatsike ngakhale pang'ono. Woloka, mwana wanga.

Mulungu akutsogolere kumene maso anga sangafike.

Ndine bambo ako,
Yohane Phiri